Alamu Anati Tisatumize pa Foni

1

Pashelefu ya pabalaza panga ku Area 47 pali chikho chagalasi chimene ndinalandira pa hotela ina ku City Centre, anthu a masuti akuomba m'manja. Alendo akabwera amachinyamula, amawerenga dzina langa, kenako amati, "A Tikondane, inu mwapulumutsa azimayi ambiri." Ine ndimangomwetulira n'kuwathirira tiyi ngati munthu wabwino.

Koma m'chikwama changa muli kapepala kachikasu kamene sindionetsa alendowo. Kali ndi mawu asanu ndi awiri okha, olembedwa ndi dzanja langa. Lero ndikufuna ndikuwerengereni inuyo. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo wangawu watha zaka zinayi ukadali wauwisi.

Ntchito yanga ndi yopanga mapulogalamu a pafoni. Koma ndisanakhale munthu wa laputopu ndi galimoto, ndinali kamtsikana kamasiye ka ku Mchesi. Amayi atamwalira ndili Fomu 1, achimwene anga a Davison ananditenga. Kunena zoona, amene ananditenga ndi akazi awo, alamu anga a Eneless. Achimwene ndi alonda pa nyumba ina ya mpanda wautali ku Area 10, ndipo kunyumba ankangobwera kudzagona. Alamu ndi amene ankandiluka tsitsi, ndi amene anandilangiza nditatha msinkhu, ndi amenenso anandikoka khutu tsiku limene anandipeza ndikuseka ndi kondakitala wa minibasi. Ankagulitsa zitenje mumsika waukulu wa ku Old Town, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa sizasi imene ankadulira nsalu.

Nkhani iyi ndi ya mmene meseji imodzi inawachotsera alamu anga pabanja ndi dzina la uhule pamutu. Anthu onse amadziwa kuti meseji ija inatumizidwa ndi makina. Chimene ambiri sadziwa ndi chimene ndikuulula.

2

Kampani yathu inali yaing'ono, zipinda zitatu m'nyumba ina yosanja ku City Centre. Tinapatsidwa ntchito yothandiza pa nkhani ya khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene akutha azimayi m'dziko muno. Njira yake inali yatsopano. M'malo mogona pabedi kuti nesi akuone, zimene azimayi ambiri amachita nazo manyazi, mayi ankapatsidwa kamtengo ka thonje, n'kupita yekha kuseri kwa katani, n'kudzipukuta m'kati, n'kutsekera kamtengo kaja m'kabotolo. Kabotolo kankapita kukayezedwa, ndipo pakatha masabata awiri zotsatira zinkatuluka. Funso limene ife tinayenera kuyankha linali limodzi: zotsatirazo zimufikira bwanji mayiyo?

Bwana wathu, a Paxton, anali atamata mawu akuluakulu pakhoma la ofesi: YAMBANI NDI KUMVA MAYI. Ankakonda kuwaloza alendo akabwera. Ndiye anandituma kuti ndikasonkhanitse azimayi khumi ndi awiri, ndikawamve. Ndinathamangira kwa alamu.

"Iwe Tiko, ndisiye zitenje zanga chifukwa cha zojambulajambula zakozo?" anatero. Koma tsiku litafika anabwera ndi anzawo onse a mumsika, mpaka mayi Rahima, Msilamu wosoka madiresi amene benchi yake inali moyandikana ndi yawo.

Tinakhala m'chipinda china kuseri kwa sitolo ya mu msewu wa Malangalanga. Ndinawaonetsa mapepala amene ndinajambulapo nkhope ya foni, ndikufotokoza monyadira kuti zotsatira zizibwera pa meseji, mayi osavutikanso kuyenda.

Mayi Rahima anaseka mpaka kugwira mpango wawo. "Mwanangu, foni ya kwathu ndi imodzi, ndipo imagona m'thumba la abambo. Meseji ikalira, oyamba kuwerenga ndi iwowo. Ine ndimangomva kuti, kwabwera zakuti."

"Yanga amasungira ndi apongozi," wina anatero.

"Yanga ndimatchajitsa kwa mnyamata wa pa shopu, amawerenga chilichonse ameneyo."

Alamu analibe foni masiku amenewo. Foni yawo inali itabedwa mwezi wapitawo powoloka kamlatho ka matabwa ka pakati pa misika, ndipo anali asanagule ina. Kenako anandigwira dzanja limene linali ndi cholembera.

"Tiko, lemba ichi, ulembe bwinobwino. Amuna athuwa sitikuwanenera zoipa, koma tikuwadziwa. Nkhani ya kumusi kwa mkazi siyoti mwamuna ayambe kuimva yekha ali pagulu. Lemba kuti: Musatumize pa foni. Tipatseni tsiku, tidzabwera tokha."

Ndinalemba pa kapepala kachikasu, ndipo madzulo ake ndinakakamata pakhoma la ofesi, pansi penipeni pa mawu a a Paxton aja.

3

A Paxton anakawerenga ataika manja m'thumba.

"Tiko, nice, very nice. Koma anthu amene akutipatsa thandizowa akufuna SMS. Sanabwere kuchokera kutali kuti ife tiwapangire kalendala ya pepala. Ukuona? Azimayi azolowera. Chilichonse chatsopano amayamba akana."

"Koma onse khumi ndi awiri anena chimodzimodzi, bwana."

"Khumi ndi awiri si Malawi. Lachisanu la mawa lija alendo akubwera, ndipo ndinawalonjeza kuti aona azimayi mazana awiri m'makina. Two hundred, Tiko. Udzayankhule ndiwe, ndikufuna akudziwe."

Mawu omalizawo anandilowa ngati uchi. Ndisaname kuti anandikakamiza. Ndinkafuna kudziwika, ndinkafuna kuchoka m'kanyumba kobwereka ka ku Biwi. Ndinamatula kapepala kachikasu kaja n'kukaponya m'chikwama. Kenako ndinakhala pansi n'kukonza fomu ya m'makina. Pa malo olemba nambala ya foni ndinaikapo kanyenyezi kofiira, kutanthauza kuti fomu yopanda nambala siingatumizike. Mawu a meseji nawonso ndinalemba ndine. Alangizi athu a zaumoyo anati tisabise kanthu, mayi adziwe zoona zake za matendawa, ndipo ine ndinamvera popanda kufunsa kuti zoonazo akaziwerenga ndani.

Sabata imeneyo tinamanga tenti pa kachipatala kena kufupi ndi Old Town. Azimayi ankabwera mwa apo ndi apo, ena ankabwerera pakhomo atamva za nambala. Lachinayi masana ndinaona alamu akutulukira atamanga chitenje chatsopano, ngati akupita ku ukwati.

"Ndabwera chifukwa cha iwe," anatero. "Anthu asamati mlamu wake yemwe anakana."

Analowa kuseri kwa katani, anatuluka, anapereka kabotolo kwa nesi. Pochoka anandimenya pang'ono paphewa. "Pakatha masabata awiri ndibwera ndekha kudzamva. Wamva?"

"Ndamva, alamu."

Lachisanu ndinaima pamaso pa alendo nditavala jekete yobwereka. Pakhoma panaoneka nambala yaikulu: 200. Anaomba m'manja, ndipo mayi wina wachizungu anandifunsa kuti chinsinsi chathu n'chiyani. Ndinayankha kuti timayamba ndi kumva mayi.

4

Chakudza sichiimba ng'oma. Patatha masiku khumi ndi awiri alamu atayezetsa, Lachiwiri cha m'ma teni koloko m'mawa, foni yanga inalira ndili pa desiki. Anali achimwene.

"Bwera ku Mchesi. Pompano."

Ndinapeza anthu atadzaza pa mpanda wa udzu, azimayi ena atanyamula ndowa zopanda madzi ngati akupita ku mpopi. Pabwalo panali mtolo wa zovala womangidwa m'chitenje, poto awiri, ndi nsapato za alamu za ku tchalitchi. Alamu anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, maso ali pansi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tamando, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali atagwira chitseko, yunifolomu ili m'thupi.

Achimwene anali akadali m'zovala za ulonda. Meseji inawapeza pa geti ku Area 10, ndipo poti magalasi awo anali ataiwala kunyumba, anapatsa mnzawo wogwira ntchito m'dimba kuti awawerengere. Mnzawoyo anawerenga mokweza, wophika ndi dalaivala ali pomwepo.

"Mvera zinthu zako izi," anatero, akundilozetsa foni kumaso. Anawerenga mawu amodziamodzi kuti a pampanda amve bwino. "Mayi Eneless, zotsatira zanu zasonyeza kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana. Pitani ku chipatala msanga."

Mawu anga omwe. Pa kompyuta ankaoneka aukhondo. M'kamwa mwa achimwene anatuluka ngati chitonzo.

"Ine ndikugona panja ngati galu kulondera chuma cha eni, iye ali kalikiliki ndi amuna a mumsika! Kamafala pogonana! Ine ndilibe kanthu, onani thupi langali. Wakatenga kuti?"

"Achimwene, tiyeni tilowe m'nyumba tikambirane."

"M'nyumba mwanga hule salowanso."

Apo alamu anadzutsa mutu. Sanayang'ane amuna awo, sanayang'ane anthu. Anayang'ana ine, nthawi yaitali, osaphethira. Ine ndinayamba kufufuza m'chikwama ngati ndataya kanthu.

5

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, ankhoswe anakumana. Kuchimuna kunali amalume athu a Felton, kuchikazi kunabwera achimwene awo a alamu kuchokera kwawo ku Malingunde. Ine anandiitana ngati mboni, poti makinawo anali anga.

"Iwe Tikondane ndiwe wophunzira," anayamba a Felton. "Tiuze. Makina akowa amanama?"

"Sanama, amalume."

"Matenda atchulidwawa amabwera bwanji?"

"Pogonana."

Ndinalekera pomwepo. Koma ndinkadziwa zambiri kuposa pamenepo, ndinali nditaziwerenga mpaka kuziloweza. Ndinkadziwa kuti kachilombo kameneka anthu akuluakulu ambiri amakhala nako nthawi ina m'moyo wawo. Ndinkadziwa kuti kamatha kukhala phee m'thupi zaka khumi kapena kuposa, ndiponso kuti mwamuna amakanyamula popanda chizindikiro chilichonse n'kupatsira mkazi wake wokhulupirika. Ndinkadziwanso, monga Mchesi yense ankadziwira, za mayi wina wa ku Kauma amene achimwene ankapitako akati ali pa ntchito ya usana. Zonsezi zinali pa lilime langa. Koma ndinaona kuti ndikayamba kuteteza alamu, mafunso achuluka, ndipo funso limodzi ndinkaliopa kuposa imfa.

Analifunsa ndi achimwene awo a alamu. "Nanga zinatheka bwanji kuti uthenga wa mlongo wanga upite pa foni ya bambowa?"

"Analembetsa yekha nambala yanga," achimwene anayankha msanga. "Ankayesa sizidziwika. Mulungu wamuyalutsa ndi dzanja lake lomwe."

Onse anagwedeza mitu. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Alamu anayankhula kamodzi kokha tsiku limenelo, ndipo mawu awo anali ofewa ngati akundidzutsa kuti ndipite ku sukulu. "Tiko, palibenso china choti unene?"

"Palibe, alamu."

Banja linathera pomwepo. Mawa lake alamu anakwera minibasi ya ku Malingunde ndi mtolo wawo uja. Tamando anatsala chifukwa cha sukulu, ndipo achimwene analetsa kuti dzina la mayi ake lisatchulidwenso pakhomopo.

Chinthu chimene meseji ija inkafuna kwenikweni aliyense anachiiwala. Alamu anayenera kupita ku chipatala kuti nesi akaone khomo la chiberekero, ndipo ngati pali poyamba kuwonongeka akapatenthe ndi kachipangizo, ntchito ya mphindi zochepa, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ndinatumiza uthenga kudzera kwa mayi Rahima kuti awauze zimenezi. Yankho linabwera patatha mwezi: "Chipatala chinandichotsa pabanja, ndikatengekonso chiyani?" Ndinatumiza kamodzi komweko. Ku Malingunde ndi ulendo wa ola limodzi, koma sindinapiteko.

6

Zaka zitatu zinadutsa, ndipo kwa ine zinali zokoma. Madandaulo ochokera kwa azimayi ena atachuluka, tinasintha pulogalamu mwakachetechete. Kanyenyezi kofiira tinakachotsa. Mayi ankasankha yekha: meseji yongoti "nesi akukufunani", kapena kakhadi kolembedwa tsiku loti adzabwere. Azimayi obwereranso ku chipatala anachuluka kawiri. Pa misonkhano ndinkafotokoza zimenezi ngati nzeru zanga, ndipo ndi nzeru zimenezo zimene anandipatsira chikho chija. Ndinasamukira ku Area 47, ndinagula galimoto. Achimwene anakwatira mayi wa ku Kauma uja. Ku msika waukulu ndinasiya kupitako, zitenje ndinkagula m'masitolo.

Tsiku lina Lolemba, mlonda wa pa ofesi anandiuza kuti pali mayi akundifuna pansi. Anali mayi Rahima, atavala buibui, mkanjo wakuda wa azimayi achisilamu, thukuta lili kamukamu. Anayenda wapansi kuchokera pa siteji.

"Sindikhala," anatero. "Alamu ako ali ku chipatala chachikulu, sabata yachiwiri ino. Akhala akutaya magazi miyezi isanu ndi umodzi, akubisa. Ine ndimapita m'mawa ndi masana kukawasambitsa. Sanandituma kwa iwe. Ndabwera ndekha, chifukwa ndikuona kumene zikupita."

Ndinawapeza pabedi la pakona, pafupi ndi zenera. Ndikanapanda kuona chitenje chimene anafunda, chomwe chija anavala tsiku la ku tenti, sindikanawazindikira. Mayi amene ankanyamula belo la nsalu pamutu anali atatsala mafupa. Panali fungo limene sopo sankalithetsa, ndipo iwo ankalidziwa, chifukwa nditayandikira anakoka chitenje mpaka m'khosi.

Dokotala wachitsikana anandiitanira panja. Anati khansa yafalikira, chotsala n'kuchepetsa ululu. "Mbiri yawo ikuonetsa kuti anayezetsa zaka zitatu zapitazo," anatero akutsegula mapepala. "Akanabwera nthawi imeneyo, bwenzi tikukamba zina. Simukudziwa chimene chinawaletsa?"

Ndinati sindikudziwa.

7

Lachiwiri ndinabweranso ndi phala ndi zipatso zimene sakanatha kudya. Mayi Rahima atatuluka kukachapa, ndinagwada pansi pa simenti n'kugwira chitsulo cha bedi.

"Alamu, ndili ndi mawu."

"Nena."

Tsopano ndikuuzeni chimene chinachitika Lachinayi lija ku tenti. Alamu atafika pa tebulo, nesi anawafunsa nambala ya foni. Anakana. Anati alibe foni, ndipo ya amuna awo sapereka. Poti makina sankalola fomu yopanda nambala, nesi analemba zonse pa pepala n'kuliika pambali. Cha m'ma folo koloko, tikupasula tenti, ndinayang'ana m'makina: azimayi 199. Pa tebulo panali pepala limodzi lokha, la alamu. Ndinalitenga. Nambala ya achimwene ndimaidziwa pamtima kuyambira ndili ku sekondale. Ndinadziuza kuti alamu ndi munthu wathanzi, zotsatira zikhala zabwino, achimwene akangolandira meseji yoti zonse zili bwino n'kuiwala. Zala zanga zinalemba manambala khumi aja, ndinadina, ndipo pa makina panaoneka 200.

Ndinawauza zonsezi ndikulira mamina ali chuchuchu. Ndinkayembekeza kuti atukwana, kapena aitana nesi kuti andithamangitse. Iwo anangotseka maso.

"Ndimadziwa," anatero.

"Alamu?"

"Kuyambira tsiku lomwe lija pakhonde. Ine nambala ya bambo a Tamando sindinaisungepo m'mutu, ndinkachita kuonera pa kalendala pamene anailemba. Woidziwa ngati pemphero la Atate Wathu ndi iwe. Ukuyesa ndine chitsiru?"

"Nanga bwanji simunanene pa ankhoswe paja?"

"Ndikananena, ntchito ikanakuthera. Ndinakulera ndine, Tiko. Ndinkadzuka folo koloko kukuphikira madzi kuti ufike pamene uli apo, ndiye ndikugwetse ndekha? Ndinati mwana wanga anena yekha. Ndinakupatsa mpata." Anapuma kwa nthawi, ululu utawagwira, kenako anapitiriza. "Za nambalazo ndinakukhululukira kalekale, munthu amalakwa pothamanga. Chimene chandidya zaka zonsezi ndi mawu awiri aja. Palibe, alamu. Unkadziwa kuti sindine hule. Sukulu yonse ija unkadziwa, koma unati palibe."

Ndinakhalabe chogwada, misozi ikutsika.

"Dzuka pansipo, anthu akuona. Kulira kwako sikundichiritsa. Ndikufuna chinthu chimodzi. Tamando ali ndi zaka khumi ndi zisanu tsopano, ndipo ndamva kuti ku sukulu amauza anzake kuti mayi ake anamwalira. Kamuuze zoona. Ukawauzenso bambo ake. Ubwere naye mwana wanga, andione ndili ndi dzina langa."

"Ndibwera naye, alamu. Ndikulonjeza."

"Usalonjeze. Ungobwera naye."

8

Lachitatu masana ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa jakaranda ku Area 10 n'kugogoda pa geti. Achimwene anatuluka m'kanyumba ka alonda, imvi zitayamba m'mbali mwa chipewa. Ndinawauza zonse tili chiimire pa msewu wopanda munthu: za nambala, za kachilombo kamene kamakhala zaka, za mwamuna amene amakanyamula osadziwa.

Sanakalipe. Anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja.

"Zakachilombozo ndikuzidziwa," anatero. "Patangotha chaka, mayi ali kunyumbawa anakayezetsa, anawapeza nako. Nesi anatiitana tonse awiri, anandikhazika pansi, anandifotokozera. Iwo anawatentha, ali bwino."

"Zaka ziwiri mukudziwa? Osapita ku Malingunde?"

"Ndikanayambira pati? Mchesi yense ndinamuuza kuti mkazi uja ndi hule. Ndibwererenso khomo ndi khomo kuti ndinanama, mwina wobweretsa ndine?" Anandiyang'ana. "Nanga iwe unapita?"

Tinaima pamenepo, ana a mayi mmodzi, aliyense atanyamula theka lake la mtembo wa munthu wamoyo.

"Loweruka ndili pa ofu," anatero pomaliza. "Tidzapite tonse ndi Tamando. Ndikufuna ndiyambe ndamukonza mwanayo, asadzidzimuke."

Tamando ankaweruka hafu pasiti thili. Sukulu yake ili mphindi khumi kuchokera ku chipatala. Galimoto inali pomwepo, mafuta odzaza. Koma ndinaganiza za nkhope ya mwanayo ndikamamuuza, ndipo mtima unachita mantha monga unachitira pa ankhoswe paja.

"Loweruka kuli bwino, achimwene," ndinatero.

Lachisanu cha m'ma leveni koloko mayi Rahima anaimba foni kuti alamu atisiya. Anati alamu anafunsa kawiri m'mawa umenewo ngati kunja kwaima galimoto.

Tinawaika ku Malingunde Lamulungu. Anthu atabalalika kuchoka kumanda, ndinamutengera Tamando kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza zonse, kuyambira pa kapepala kachikasu mpaka pa geti ya ku Area 10. Anamvetsera osalira, atakula, nkhope yonse ya mayi ake.

"Anandiitana?" anafunsa.

"Anakuitana."

"Liti?"

"Lachiwiri."

Anawerenga masiku pa zala, pang'onopang'ono. "Anti, Lachitatu munali ndi galimoto."

Kuchokera tsiku limenelo sanandiyankhulenso.

9

Inu amene mukuwerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Chisoni ndadzimvera chokwanira, ndipo sichinadzutse munthu.

Amayi, kayezetseni, ndipo akakuitanani bwererani. Matendawa akagwidwa msanga amachizika. Pulogalamu imene inapweteka alamu anga inakonzedwa, ndipo anaikonza ndi iwo omwe, ngakhale dzina lawo silili pa chikho. Abambo, mkazi wanu akamupeza ndi kachilombo kameneka, si umboni woti wayenda. Mwina kanabwera ndi inu, mwina kanalipo musanakumane. Mutengeni mupite naye ku chipatala, zovala zake zisiyeni m'nyumba.

Ndipo inu anzanga a m'maofesi, amene timapangira anthu zinthu zimene ife sitidzagwiritsa ntchito: kufunsa munthu maganizo n'kosavuta, timachita ndi Fanta ndi mabisiketi. Chovuta ndi kumumvera pamene yankho lake likusokoneza Lachisanu lako. Azimayi khumi ndi awiri anandiuza chimene chidzachitike, ndipo chinachitika ndendende, pa munthu amene anandigwira dzanja kuti ndilembe.

Mwezi watha ndinapita kwa amalume a Felton, kenako ku Mchesi khomo ndi khomo, ulendo umene achimwene anauopa. Ena anandimvera, ena anati zakale n'zakale, ambiri anasamuka. N'chifukwa chake ndalemba kuno, ndi maina enieni, kuti amene anaima pa mpanda tsiku lija awerenge kulikonse kumene ali. A Eneless, mayi ake a Tamando, ogulitsa zitenje mumsika waukulu, sanali hule. Anandifunsa ngati panali china choti ndinene. Chinalipo, alamu. Ndi chimenechi.